Big Bad Voodoo Daddy kapena Brian Setzer Orchestra, shoo yabwino ndi iti?

Ma band onse awiriwa anatchuka m'ma 1990 nthawi imene swing, jazz yovinira yakale ija, inabweranso ku America, koma pa steji amasiyana kwambiri. Brian Setzer anachokera ku band ya Stray Cats, ndiye shoo yake imazungulira gitala yake ya Gretsch ija, kumbuyo kuli gulu lalikulu la malipenga ndi masakisofoni koma maso onse amakhala pa iye basi. Ngati mumakonda gitala yolira ngati ya rockabilly, mtundu wakale wa rock and roll, mupite kumeneko, simudandaula.

Koma ine mtima wanga uli kwa Big Bad Voodoo Daddy, anyamata a ku Ventura, California aja. Anakulira mu kalabu ya The Derby ku Los Angeles komwe ankaimba Lachitatu lililonse anthu akuvina awiriawiri mpaka thukuta, ndipo mpaka lero mtsogoleri wawo Scotty Morris amapatsa mpata aliyense wa lipenga kuti abwere kutsogolo aombe yekha, masuti ndi zipewa zili thi, ngakhale mu 1999 atafika pa Super Bowl, fainolo ya mpira wa ku America, limodzi ndi Stevie Wonder ndi Gloria Estefan sanasiye kalembedwe kawo ka nyimbo zovinira.

Kwa Setzer mumakaonera katswiri. Kwa enawa, valani nsapato zoti muvine nazo.