Madala amene anandiyendera boti la matanga ku Nkhata Bay

Ndimakhala ku Katoto muno mu Mzuzu, ndipo ntchito yanga ndi yotengera alendo kunyanja pagalimoto. Ambiri akafika ku gombe la Chikale ku Nkhata Bay amafunsa ngati kuli boti la matanga loti angagonemo popita ku Usisya kapena ku Likoma. Choncho nditamva kuti munthu wina akugulitsa lake, lotalika mamita 8, la fayiba, lopangidwa cha m'ma 1980, mtima wanga unali dyokodyoko. Penti yoyera mbuu, makushoni atsopano, kakhitchini kooneka bwino. Ndikanalipira tsiku lomwelo. Mayi akunyumba ndiwo anakana kuti ndalama ituluke lisanaonedwe ndi munthu wodziwa maboti, ndipo asodzi anandilozera madala ena omwe anakalambira pa ntchito yokonza maboti ndi mainjini kunyanjaku. Ntchito yawo ndi imene ndikufuna kuiyamikira pano.

Choyamba anakanitsitsa kuliyendera lili pamadzi. "Mwana wanga, matenda a boti amakhala kumimba," anatero. Zinanditengera masiku awiri ndi ndalama ya anyamata kuti tilikweze pa ngolo yake n'kulikokera kumtunda, ndipo ndinkanyinyirika. Litauma, ndinaona ndi maso anga matuza ambiri pansi pake, ena ngati ndalama yachitsulo kukula kwake. Anaboola limodzi ndi nsonga ya mpeni, munatuluka timadzi tonunkha ngati viniga. Anandifotokozera kuti madzi amalowa pang'onopang'ono mu fayiba n'kusakanikirana ndi mankhwala omwe sanaume bwino popanga botilo, ndipo madzi a m'nyanja yathu, opanda mchere komanso ofunda, salekerera. Matuza ochepa amakonzeka: kuwapala, kuumitsa kwa milungu, kenako kumata. Sanandiopseze nawo, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kuwakhulupirira.

Kenako anatulutsa kanyundo kapulasitiki n'kuyamba kugogoda denga lonse lomwe anthu amapondapo, chikhatho ndi chikhatho, atagwada padzuwa pafupifupi ola lathunthu. Pabwino pankamveka kuti "kha kha", koma atafika patsinde pa mlongoti panamveka "bu bu", ngati dzungu lowola. Denga la maboti ambiri a nthawi imeneyo lili ngati sangweji, fayiba pamwamba ndi pansi, pakati thabwa lopepuka la balsa. Madzi akalowera pamabowo a mabawuti, thabwalo limawola osaonekera kunja. Anandiuza kuti ndivule nsapato ndipondepo, ndipo panatitimira. Pamenepo ndi pomwe pamatsamira mlongoti wonse.

Zingwe zawaya zogwira mlongoti anazipukuta ndi kansalu, ndipo penapake kansaluko kanakodwa pa kawaya koduka. Pomwe waya amalowa m'chitsulo chakumapeto kwake panali timing'alu topyapyala ngati tsitsi, tokhala ndi dzimbiri. Mwini wake sankadziwa chaka chomwe zingwezi zinasinthidwa, pomwe madalawo anati zimafunika kusinthidwa zikatha zaka pafupifupi 10. Analowanso m'kati, nachotsa thabwa la kabati kuti aone zitsulo zomwe zingwezo zimamangirirapo, ndipo zinali ndi mikwingwirima ya madzi odontha. Aliyense amene anauonapo mwera wa mu June ndi July, umene umachititsa ngakhale okwera Ilala kugwira zitsulo, amvetsa chifukwa chake ndinangoti kakasi. Dera la kumpoto kwa Nkhata Bay ndi komwe nyanjayi ndi yakuya kwambiri, pafupifupi mamita 700, ndipo magombe othawirako ndi ochepa.

Mabawuti ogwira keel, chitsulo cholemera chapansi chomwe chimaletsa boti kugubuduka, anawapeza abwino. Tsigiro anaigwedeza, inali yolimba. Mipope yotsekera mabowo a pansi pa boti, umodzi unali wouma gwa, wosatembenuka. Matanga anawayala pamchenga, nakanda ulusi wake ndi chikhadabo: ulusi wa thanga lakutsogolo unkayoyoka chifukwa chopsa ndi dzuwa, lalikulu linali likadali lolimba.

Pa injini anachita chinthu chimene sindikanaganiza. Titabwezera boti pamadzi, anafika m'mamawa mwini wake asanadzuke, naika dzanja pa injiniyo kuti atsimikize kuti ndi yozizira. Akuti ogulitsa ena amaitenthetsa kaye kuti ilire msanga wogula akafika. Inali ya dizilo, ya Yanmar. Inalira atayesa kachiwiri, utsi woyera unatha posachedwa, madzi oziziritsa ankatuluka kumbuyo bwinobwino, ndipo oyilo sanali wotuwa ngati mkaka, zomwe zikanasonyeza kuti madzi akulowamo. Anangoti impeller, kachipangizo ka labala kopopa madzi oziziritsa injini, ndisinthe ndipo ina ndizisunga m'boti, poti zoterezi simungazipeze pa msika wa Taifa ku Mzuzu. Mpaka kuitanitsa ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg.

Zomwe sizinandisangalatse ndi ziwiri. Madalawa salemba kalikonse, zonse amangolankhula, moti ndinkachita kulemba ndekha pafoni uku akugogoda. Mukafuna lipoti loti mukaonetse a inshulansi, muyenera kupeza wina. Komanso chifukwa cha msinkhu sanakwere pamwamba pa mlongoti. Anatuma mnyamata kukajambula zithunzi, ndipo zinatuluka zosaoneka bwino. Kumwambako ndimakuona ngati sikunayenderedwe. Za mapepala a boti anangondikumbutsa kuti dzina lolembedwapo lifanane ndi la wogulitsa, zina zonse anandisiyira.

Malipiro awo a masiku atatu sanafike ngakhale mtengo wa zingwe ziwiri zawaya, ndipo sanalandire kanthu kwa wogulitsa, ngakhale botolo la zakumwa lomwe anawapatsa anakana ine ndikuona. Sanandiuze kuti gulani kapena lekani. Anangowerengera pa zala zofunika kukonza lisanayende ndi alendo: denga patsinde pa mlongoti, zingwe zonse, mpope uja ndi thanga lakutsogolo.

Ndinapita nazo kwa mwini boti n'kupempha kuti atsitse mtengo molingana ndi ntchitoyo. Anakana, akuti wina wa ku Lilongwe akulifuna. Ndinakwera mapiri kubwerera ku Mzuzu ndalama zanga zili m'thumba. Mwezi wamawa ndikukaona boti lina ku Senga Bay, ndipo madalawa ndawalipirira kale thiransipoti.