Chimbale cha Casablanca: filimu yabwino, koma wapakauntala anandipsetsa mtima

Ndapereka nyenyezi zitatu. Ziwiri zimene ndachotsazo sindinachotsere filimuyi, ndachotsera mnyamata amene amakhala pakauntala m'shopu ya zimbale ija. K15,000 imene amatchaja pa mafilimu akale amene amati ndi orijinolo ndinalipira osanenerera, poti Casablanca ndakhala ndikuisakasaka. Chikuto chinali chomata m'pulasitiki, ndipo iye ananditsimikizira kuti sichinatsegulidwepo.

Kunyumba chinayamba bwinobwino mpaka patapita ngati theka la ola, pamalo penipeni amene wokonda filimuyi aliyense amadikirira. Ilsa walowa m'bala ya Rick ndi mwamuna wake Victor Laszlo, waitana Sam woimba piyano, wamuumiriza kuti aimbe nyimbo imene Rick analetsa m'balamo. Sam wayamba, kamera yalunjika pankhope ya Ingrid Bergman, yemwe akusewera ngati Ilsa, basi chithunzi n'kuuma, mawu n'kuti zii. Kenaka chinadumpha mpaka kusiteshoni ya sitima ku Paris, Rick ali pamvula kalata ili m'manja. Nditachitembenuza ndinapeza kunsi kwake kuli mzere wokandika wozungulira ndi zidindo za zala. Chimbale chatsopano chingakhale ndi zala za munthu? Winawake anachigwiritsa ntchito, iwo n'kuchimatanso.

M'mawa mwake ndinabwerera ndi lisiti. Mnyamatayo sanadzutse n'komwe maso pafoni. "Madala, vuto ndi deki yanu. Komanso mafilimu opanda kala ngati amenewa amaima okha, ndi akalekale." Ndinamuuza kuti filimuyo ndiye ya 1942, chimbalecho ayi, ndipo ndinamuonetsa pokandikapo. Iye anangoloza pepala la pakhoma lonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kuyamba kuseka ndi anzake awiri amene anali kusankha mafilimu a nkhondo. Munthu wa imvi ngati ine kusekedwa ndi mwana pa ndalama yanga yomwe! Ndinakana kuchoka. Mawu atakwera, kunatuluka mayi wachikulire kuchipinda cham'kati, amene ndikuona kuti ndi mwini shopu. "Pepani bambo, tiyeni tichiyese pompano." Anachiika m'deki yawo, n'kuchithamangitsa mpaka pa Sam, ndipo chinauma pamalo omwe aja, aliyense akuona. Kuseka kunathera pomwepo. Mayiwo anatenga china, anachitsegula pamaso panga, anachiyesa, n'kupepesanso kachiwiri. Mnyamata uja sanapepese mpaka ndinatuluka, ndipo ya minibasi yopita ndi kubwera palibe anandibwezera. Mukamagula kumeneko, tsegulitsani chimbale pakauntala pomwepo.

Koma ndinene zoona, chimbale chachiwirichi chandiziziritsa mtima. Chithunzi n'choyera moti utsi wa fodya m'bala muja ukuoneka mmene ukukwerera, ndipo malo anandidumphira aja ndinawaonera bwino. Kamera imakhala pankhope ya Bergman nthawi yaitali ndithu, iye osayankhula kanthu. Maso amayamba kunyezimira misozi koma siigwa, milomo imachita ngati ifuna kumwetulira n'kusiya. Usanauzidwe n'komwe zimene zinachitika ku Paris, wadziwa kale kuti mayiyu wasenza nkhani yolemera. Wojambula wake, Arthur Edeson, ankamuunikira mofewa kuti m'maso muziwala, koma nyali payokha singachite zimenezi popanda munthu wodziwa ntchito yake. Ndiye muganize kuti pamene ankajambula anali asanakwanitse zaka 27. Anabadwira ku Stockholm mu 1915, ndipo mufilimumu akusewera ngati mayi wa ku Oslo.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ikuchitika mu Disembala 1941 ku Casablanca, m'dziko la Morocco, lomwe panthawiyo linali m'manja mwa boma la France la Vichy, limene linkagwirizana ndi a Nazi a ku Germany pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Othawa nkhondo adzadza m'tauni kudikira zikalata zowalola kupita ku Lisbon, kenaka ku America. Rick, yemwe ndi Humphrey Bogart, ali ndi zikalata ziwiri, ndipo amene akuzifuna ndi mkazi amene anamusiya pasiteshoni paja popanda kufotokoza. Ilsa ankaganiza kuti mwamuna wake anafera m'ndende ya a Nazi, ndipo anamva kuti ali moyo tsiku lonyamuka litayandikira.

Anthu ambiri amakamba za pabwalo la ndege kumapeto, koma ine pamene Bergman anandigwira mtima ndi pamene asilikali a ku Germany akuimba nyimbo yawo m'balamo, Laszlo n'kulamula oimba kuti ayambe nyimbo ya fuko la France. Bala yonse ikuimirira. Yang'anani Ilsa pamenepo. Akupuma mwamantha chifukwa akudziwa kuti mwamuna wakeyo akudziputira imfa, komabe akumuyang'ana monyadira. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti sakunamiza aliyense mwa amuna awiriwa, onse amawakonda, ndipo n'chifukwa chake usiku umene akupita kwa Rick ndi mfuti kukaitanitsa zikalata zija, dzanja likulephera kuwomba. Ambiri mwa osewera m'balamo anali othawa nkhondo enieni. Madeleine Lebeau, mtsikana amene akuimba misozi ili mbwembwembwe, anathawa ku Paris mu 1940, ndipo Conrad Veidt, amene akusewera ngati mkulu wa asilikali a Nazi, anachoka ku Germany mu 1933 chifukwa mkazi wake anali Myuda.

Filimuyi inapata mphoto zitatu za mafilimu zotchedwa Oscar, ya filimu yopambana, ya wotsogolera Michael Curtiz, ndi ya olemba nkhani. Bergman sanaikidwe n'komwe pampikisano chifukwa cha Casablanca. Chaka chimenecho anamuikapo chifukwa cha For Whom the Bell Tolls, ndipo Oscar yake yoyamba anadzaipeza ndi Gaslight ya 1944. Kwa ine pamenepa anamulakwira, chifukwa mutamuchotsa iye, zowawa za Rick sizikanatikhudza.

Chimene sichinandisangalatse m'filimumo ndi chakuti nkhani ikuchitikira mu Africa koma eni dziko la Morocco sakuoneka kwenikweni, angokhala ogulitsa malonda chakumbuyo. Mbali yaikulu anajambulira m'situdiyo ya Warner Bros. ku Burbank, California. Komanso Dooley Wilson, amene ndi Sam, anali bambo wa zaka zoposa 50, koma Ilsa pofunsa za iye akumutchula ngati kamnyamata. Zimenezi zimabaya ndithu, ngakhale Rick amamutenga Sam ngati mnzake weniweni.

Chimbalechi n'cha mphindi 102 ndipo mawu olembedwa m'munsi a Chingerezi akugwira bwino, zomwe zimathandiza chifukwa Claude Rains, amene akusewera ngati mkulu wa apolisi, amayankhula mothamanga. Pa TV zamakonozi muona mizere yakuda uku ndi uku. Musachitambasule chithunzicho kuti chidzadze sikirini, ndi mmene anajambulira, mukatero nkhope zonse zifufuma. Mayi aja alonjeza kundipezera Gaslight pamtengo womwewo mwezi wamawa, ndipo ndawapatsa nambala yanga kuti ikafika andiimbire okha.