Nyumba ya Chamare ku Mua ndi yoyenera kukaiona

Amene amakhulupirira kuti Mkhristu sayenera ngakhale kuyandikira chigoba cha Gule Wamkulu adzavutika mumtima akalowa m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, ku KuNgoni, pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza. Malo a KuNgoni anawayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, pa mishoni imene ansembe achikatolika a White Fathers anatsegula mu 1902. Wotiperekeza anafotokoza mofatsa mwambo umene zigobazo zimaphunzitsa, osanyoza anyau, komanso osabisa pamene Mpingo unasemphana nawo. Ine ndinakopeka kwambiri ndi ziboliboli za Yesu ndi Maria zosemedwa ndi nkhope za kwathu konkuno, ndipo ndikuona kuti kulalikira kotere kumafika anthu pamtima kuposa kuwadula mumpingo chifukwa cha ng'oma. Mupite ndi nthawi yokwanira, popeza zigobazo zilipo mazanamazana.