Masheya, futures kapena forex: munthu wa ku Lilongwe alowere khomo liti?

Mnzanga wina wa ku Area 25, amene timakwera naye minibasi m'mawa, anandionetsa foni yake tsiku lina tikuyandikira ku depoti. Pafoniyo panali timizere tofiira ndi tobiriwira. "Achimwene, ndasunga K300,000. Ndiyambe ndi masheya, futures kapena forex?" Kondakitala anali atayamba kale kutikankhira panja, ndiye ndinangoti tidzakambirana. Yankho lake ndi ili, ndipo ndikulemba ngati munthu amene anapsapo zala, osati mphunzitsi wogulitsa makalasi.

Anthu akamayerekeza misika itatuyi amathamangira kufunsa kuti phindu lambiri lili kuti. Ine ndimafunsa zina: ndalama yanga ilowa bwanji ndipo ituluka bwanji, kanthu kakang'ono kwambiri komwe ndingagule ndi kotani, ndipo msikawo umatentha nthawi yomwe ine ndili kuti.

Ndiyambe ndi kwathu. Malawi Stock Exchange ili ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulowa pamsikawu inali NICO mu 1996. Lero pali National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, Illovo, Press Corporation, TNM, Airtel ndi ena, koma onse pamodzi sakwana 20. Ubwino wake ndi waukulu ndipo anthu amaunyoza: mumagula ndi makwacha. Simuvutika kusaka dola, simupempha aliyense kuti akutumizireni ndalama kunja, ndipo sheyayo ndi yanudi, yolembedwa m'dzina lanu, kampani ikagawa phindu nanunso mumalandira. Koma kugula m'mawa n'kugulitsa masana, kumene ndiye nkhani yathu, pano sikuyenda. Oda imadzera kwa broker, amene amadula yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Masheya ena amatha masiku osasuntha mtengo, ndipo mutha kuika oda yogulitsa n'kukhala osapeza wogula. Zili ngati kuweta ng'ombe: mumagula, mumadikira, imabereka. Palibe amene amagula ng'ombe m'mawa kuti aigulitse dzuwa lisanalowe.

Masheya a ku America ndiye amathamanga. Nthawi yakenso imatikomera: New York imatsegula 3:30 masana nthawi yathu kuyambira Marichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo imatsegula 4:30, n'kutseka 10 kapena 11 koloko usiku. Woweruka ku Capital Hill kapena ku Kanengo amaupeza msika uli mkati. Vuto ndi mpamba. Kuyambira 2001, kwa zaka zambiri, lamulo la kumeneko linkafuna kuti munthu wogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo kanayi m'masiku asanu pa akaunti yangongole akhale ndi madola 25,000. Izi zikuonetseni anthu amene msikawo unawakonzera. Chinanso, "Tesla" kapena "Apple" amene ambiri timamuona pa MT5, pulogalamu yochitira malondawa pa foni kapena pa kompyuta, si sheya ayi. Ndi CFD, kubetcherana ndi broker pa mtengo wa sheyayo. Mulibe gawo lililonse mu kampaniyo.

Futures, mawuwo amaopsa koma mlimi aliyense wa fodya wa kontrakiti amaidziwa kale nkhaniyi: kugwirizana mtengo lero pa katundu wodzaperekedwa mtsogolo. Ku Johannesburg chimanga choyera chimagulitsidwa motere, ndipo ku Chicago, pa msika wa CME, kuli mafuta, golide, ndalama za mayiko ndi mulingo wa masheya a makampani akuluakulu a ku America wotchedwa S&P 500. Chimene ndimaukondera msika umenewu ndi chakuti onse amaona mtengo umodzi. Oda yanu imapita pamsika weniweni n'kukumana ndi oda ya munthu wina, ndipo mumatha kuona kuchuluka kwa makontrakiti amene agulidwa. Broker amangodya komishoni yake, sapindula ndi kuluza kwanu.

Mu Meyi 2019 CME inabweretsa makontrakiti ang'onoang'ono otchedwa Micro E-mini, ndipo anthu amati tsopano aliyense angathe. Tiyeni tiwerengere. Micro ya S&P 500 ndi madola 5 pa poyinti iliyonse, pamene yaikulu ndi madola 50. Mukaika stop loss (oda yotseka malonda yokha mukaluza kufika pamene mwaika) ya mapoyinti 10, yomwe msika ungaidumphe mukadali kuthira shuga mu tiyi, mwaika pachiswe madola 50. Kuti madola 50 amenewo akhale 2 peresenti yokha ya akaunti yanu, mukufunika madola 2,500, omwe ndi ndalama yoposa K4 miliyoni pa mtengo wa kubanki, ndipo tonse tikudziwa kuti dola ya mtengo wa kubankiyo siipezeka wamba. Kontrakiti simungaidule pakati ngati bonya wa pamulu. Pamwamba pake pali ndalama ya mwezi ndi mwezi yolipirira kuona mitengo yapompopompo, komanso makontrakiti amatha ntchito: a S&P amatha mu Marichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Woiwala tsiku amalira. Pa 20 Epulo 2020 kontrakiti ya mafuta a ku America, yomwe inali kutha mawa lake, inagwa mpaka pansi pa ziro, kufika pa madola 37 ndi kanthu kumunsi, moti amene anali nayo ankachita kulipira kuti wina aitenge.

Tsopano forex, kugula ndi kugulitsa ndalama za mayiko, kumene anyamata ambiri a mu Kawale, Biwi ndi Area 18 ali. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene K300,000 ya mnzangayo ikanathera.

Khomo lake ndi lotakasuka kwambiri. Foni, bandulo, MT4 kapena MT5, madola ochepa, basi mwalowa. Msika umatsegula usiku wa Lamlungu n'kutseka usiku wa Lachisanu. London imayamba 9 kapena 10 koloko m'mawa nthawi yathu, kutengera nyengo, ndipo msika umatentha kwambiri masana, London ndi New York zikakumana. Ubwino wake weniweni, umene futures ilibe, ndi wakuti mutha kuchepetsa kwambiri. Loti (mulingo wa kukula kwa oda) yathunthu ya EURUSD, yuro poyerekeza ndi dola, ndi mayuro 100,000 ndipo pip imodzi, kasitepe kakang'ono kamene mtengo umasuntha, ndi madola 10. Pa loti ya 0.01, pip ndi masenti 10 okha. Ndi akaunti ya madola 100, stop loss ya mapip 20 pa 0.01 ikudyerani madola 2. Mutha kulakwitsa kakhumi motsatizana n'kukhalabe ndi mpamba wophunzirira.

Koma ndani amakhutira ndi masenti 10? Apa ndi pamene leverage imalowa, ngongole imene broker amakupatsani popanda kufunsa chikole china kupatula ndalama yanu yomweyo. Pa 1:500, pamene dola yanu imodzi imagwira ntchito ngati madola 500, madola 100 omwe aja amakulolani kutsegula loti ya 0.40. Pip imodzi tsopano ndi madola 4, ndipo mapip 25 okha akaunti yapsa, mtunda umene EURUSD imayenda tsiku lililonse popanda chifukwa chomveka. Ku Ulaya, bungwe la ESMA linaletsa mu 2018 kupatsa anthu wamba zoposa 1:30 pa ndalama zikuluzikulu, litapeza kuti maakaunti 74 mpaka 89 pa 100 aliwonse a CFD amaluza. Mabroker ambiri amene amatilandira ife ndi manja awiri analembetsa kuzilumba kumene lamulo limeneli silifika. Akakana kukupatsani ndalama yanu, mukadandaula kwa yani? Ku Reserve Bank ku City Centre sangakuthandizeni pa kampani imene sanaipatse chiphaso.

Zinandionekera ine. Linali Lachisanu loyamba la mwezi, tsiku limene America imatulutsa chiwerengero cha ntchito, 2:30 masana nthawi yathu. Ndinali nditagula golide, ndipo stop loss sindinaike, ati ndikuyang'anira ndekha. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, foni ili pa 9 peresenti, ndipo netiweki inayamba kuzungulira kaja kamazungulira. Ndinatuluka panja, foni m'mwamba, pafupi ndi mtengo wa mango. Amayi a pakhomo loyandikana, akupeta mpunga, anandifunsa, "Kodi bambo, kwagwanji?" Pamene intaneti inkabwerera, panali patatsala madola 11 pa 180. Wa ku London sakumana nazo zimenezi, n'chifukwa chake malangizo ake pa YouTube satchula za batire. Kuno stop loss iyenera kukhala pa seva ya broker musanachotse chala. Ngakhale iyo si mpanda wa njerwa: pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland itasiya mwadzidzidzi kugwirizira mtengo wa ndalama yake, franc, mitengo inadumpha ma stop loss a anthu, ena n'kutsala ndi ngongole.

Pali zina ziwiri zimene zimabwera ndi dzina la forex koma si forex. Boom, Crash ndi Volatility 75 za broker wotchedwa Deriv mitengo yake imapangidwa ndi kompyuta, palibe dziko kapena kampani kumbuyo kwake, ndiye kuwerenga nkhani za chuma sikungakuthandizeni kanthu. Ndipo "mamaneja" a pa WhatsApp olonjeza kuchulukitsa ndalama yanu kawiri pa mwezi, akuonetsa makiyi a galimoto pa status, ndi akuba basi.

Chimene chimasiyanitsa kwenikweni misika yakunjayi ndi wathu ndi dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Izi zimakoka anthu kuti asunge m'madola, ndipo ndikuwamvetsa. Koma makadi a banki ali ndi malire pa zolipira kunja, kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo ake, ndipo ambiri amathera kwa ma ejenti olandira Airtel Money kapena Mpamba. Ejentiyo amakugulitsani dola mokwera, podzatapa amakugulani motsika. Musanatsegule n'komwe tchati, mwaluza kale gawo la mpamba wanu, ndipo ngati ejentiyo wazimitsa foni mulibe pogwira. Pa futures njira imeneyi kulibe n'komwe: mabroker ake enieni amafuna ndalama yochokera ku akaunti ya banki ya dzina lanu. Ena amazembera kumakampani amene amati lipirani mayeso, mukakhoza tikupatsani akaunti yaikulu. Mayesowo amalipiridwa m'madola, ndipo mukalephera mumalipiranso.

Ndiye mnzanga uja ndinadzamuuza chonchi tili pa chiwaya ku Old Town. Futures ndiye msika wachilungamo kuposa yonse, koma si wa K300,000. Masheya a ku America muwasiye kaye. Gawo lalikulu mugule masheya a kuno n'kuwaiwala, kapena musachotse ku banki m'khonde ya alamu anga. Ngati mtima ukukanabe, yambani forex ndi demo (akaunti yoyeserera ya ndalama zongoyerekeza) miyezi itatu, peyala imodzi ngati EURUSD, nthawi imodzi ya tsiku, mukulemba m'kope chilichonse. Kenako muike ndalama imene itatayika lendi ilipiridwabe, pa 0.01, ndipo sabata yoyamba yomweyo muyese kutapako pang'ono kuti muone ngati khomo lotulukira limatseguka.

Anapukuta mafuta a chipisi pa thalauza, n'kundifunsa kuti masenti 10 pa pip adzagula liti Vitz.