Satifiketi ya criminology yandithandiza ku community policing, koma si khomo lolowera upolisi

Ndamaliza kosi imeneyi ya criminology, maphunziro a za umbanda, mwezi wathawu, ndimaphunzira patali ndili konkuno kwa Kamwendo ku Mchinji, ndiye poti ambiri mukundifunsa ngati ndalama zanga sizinalowe m'madzi ndati ndingoyankha kamodzi. Dzina la yunivesiteyo sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule.

Ine ntchito yanga ndi yogula soya ndi mtedza, koma ndakhala mu komiti ya community policing zaka 6 tsopano, ndipo kunena chilungamo zaka zonsezo timangoyendera mtima basi. Wakuba mbuzi tikamugwira timamumanga, anthu amumenye kaye, agone kwa amfumu mpaka mawa ndiye tiziganiza za kupolisi, ife n'kumati tagwira ntchito. Mojulo yoyamba yomwe inandigwedeza ndi ya ufulu wa munthu womangidwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ife anthu wamba tikagwira munthu lamulo likuti tikam'pereke kupolisi mosachedwa, osati kumusunga ife ngati tili ndi chitokosi chathu. Za belo ya kupolisi kuti ndi yaulere ndinkazimva pa wailesi koma apa ndinaziwerenga ndekha, pano mayi akabwera kulira kuti mwana wawo watsekeredwa ndimadziwa chowauza.

Lekichala mmodzi yekha ndi amene anatibweretsera nkhani ya kuno kwathu yogwira mtima, ya vakabu. Mayeso Gwanda, venda wa ku Blantyre, anamangidwa m'mamawa akupita ku geni yake, iye anakasuma, ndipo mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lomwe apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Ndinakhala chete tsiku limenelo chifukwa ifenso pa patrol timayimitsa anyamata usiku popanda chomwe alakwa, kungoti sitikuwadziwa nkhope.

Koma chomwe ndagwiritsa ntchito kwambiri ndi maganizo a akatswiri awiri, Cohen ndi Felson, a mu 1979, akuti kuba kumachitika zinthu zitatu zikakumana, wofuna kuba, katundu wosavuta kutenga, ndi kusowa kwa woyang'anira. Pa asayimenti ndinatenga kope lathu la komiti n'kuona masiku omwe mbuzi zimasowa, ndinapeza kuti zambiri si usiku ayi, ndi masana tsiku la msika pomwe nyumba yonse yapita kukagula ndi kugulitsa, pakhomo pangotsala agogo ndi tiana. Ife timakhalira kuzizidwa usiku wonse ndi matochi pomwe akubawo amadutsa dzuwa likuswa mtengo. Tinagwirizana ndi amfumu kuti tsiku la msika anthu awiri azitsala akuzungulira makola, ndipo a kabaza tinawapempha kuti kukada asamanyamule munthu wosamudziwa popanda anzawo pa siteji kumuona nkhope. Madandaulo a mbuzi achepa ndithu m'midzi yathu itatuyi, sindinganene za kwina. Palinso Beccaria wa ku Italy yemwe mu 1764 analemba kuti chomwe chimaletsa munthu kuba si kukula kwa chilango koma kudziwa kuti agwidwa ndithu. Mawu amenewa ndawanena pa misonkhano iwiri pomwe anthu amati tizingowawotcha akubawa, ena anandimva, ena anati sukulu yandipusitsa, koma ine pamenepa sindisuntha.

Tsono zodandaula. Manotsi ambiri ndi a kunja, Robert Peel ndi polisi ya ku London ya 1829, broken windows ya ku America ya 1982 (maganizo oti zolakwa zazing'ono zikalekereredwa zimabala zazikulu), Chicago, New York, masabata ndithu tili pomwepo. Sindikuti n'zosafunika, koma ine ndimakhala kufupi ndi boda, Chipata ndi pompa, njinga yamoto ikabedwa madzulo pofika m'mawa yadutsa kale njira zachidule ili ku Zambia, ndipo ana amatengedwa kuno kukaweta ng'ombe ndi kulima fodya kutsidyako. Trafficking in Persons Act ya 2015, lamulo loletsa kuzembetsa anthu, anangoitchula patsamba limodzi. Police Act ya 2010 yomwe muli za community policing komanso Independent Complaints Commission, komwe munthu ungakadandaule wapolisi akakulakwira, tinaidutsa sabata imodzi mothamanga. Za Victim Support Unit, nkhanza za m'banja, atsikana okwatiwa asanafike zaka 18, zomwe ndi theka la nkhani zomwe zimatipeza kumudzi, ndinachita kukafunsa ndekha kwa apolisi omwe timagwira nawo ntchito.

China ndi netiweki ndi bandulo. Makalasi a pa Zoom amadya data koopsa, mvula ikangoyamba kapena magetsi akathima basi mwatsala, ndipo zojambulazo amatumiza patatha masiku anayi mwina asanu asayimenti itayandikira kale. Zotsatira za semesita yoyamba tinadikira miyezi pafupifupi itatu, ku ofesi foni osayankha. Kupita kukaona ntchito pa siteshoni kapena kukhala nawo m'khoti kunalibe, zonse za pa pepala.

Achinyamata amene mukuganiza kuti pepalali likulowetsani upolisi, ayi ndithu musagulitse mbuzi za makolo pa chifukwa chimenecho. Upolisi amalengeza okha akafuna kulemba anthu, amafuna MSCE, ndipo mukasankhidwa mukaphunzirabe ku Limbe kapena ku Mtakataka ngati wina aliyense. M'kalasi mwathu anyamata angapo anazindikira zimenezi atalipira kale fizi yonse ndipo zinandimvetsa chisoni, oyendetsa kosi akanayenera kunena poyera pa fomu pomwe. Koma ngati muli kale wapolisi, mlonda, wa komiti ngati ine, kapena mumathandiza amfumu pa milandu, itengeni, muzingopempha malekichala kuti asayimenti muzilemba za kudera kwanu, ine anandilola.

Ndikupereka nyenyezi 3 ndi theka pa 5. Dipuloma ndikufuna kupitiriza soya akagulidwa bwino chaka chino, koma ndiyamba ndafunsa ngati awonjezera za m'maboda ndi za Victim Support.