ShebaMiles, Flying Blue kapena Avios: mamailosi a ulendo wakumudzi tiziunjika kuti?

Chaka chilichonse anthu akayamba kusaka matikiti a Khirisimasi, funso limakhala lomweli: nambala ya pulogalamu iti ya mamailosi, mapointi omwe makampani a ndege amapereka kwa okwera ndege zawo, yomwe ndipereke kwa ajenti? Ambiri ali ndi makadi atatu kapena anayi, lililonse muli timailosi 6,000 kapena 8,000 tomwe sitingagule ngakhale ulendo wa ku Johannesburg. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mamailosi a mapulogalamu osiyana kawirikawiri saphatikizana, ndiye woyenda kamodzi kapena kawiri pachaka ayenera kusankha nkhokwe imodzi.

Kwa munthu wonyamukira kapena wotsikira pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka, opikisana enieni ndi atatu. ShebaMiles ndi ya Ethiopian Airlines, yomwe ili mu mgwirizano wa makampani a ndege wa Star Alliance kuyambira 2011 ndipo ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines. Flying Blue ndi ya Air France ndi KLM, koma imatikhudza chifukwa cha Kenya Airways, mnzawo mu mgwirizano wina wa SkyTeam. Mpaka 2023, pomwe idakhazikitsa yakeyake ya Asante Rewards, Kenya Airways inkagwiritsa ntchito Flying Blue yomweyi, ndipo mpaka lero ulendo wa Kenya Airways mutha kuulembetsa kumeneko. Yachitatu ndi Avios, mapointi a British Airways omwe Qatar Airways idayambanso kugwiritsa ntchito mu 2022. Skywards ya Emirates ndi yabwino kwa wonyamukira ku Lusaka kapena ku Harare, koma Emirates sili mu mgwirizano uliwonse mwa migwirizano itatu ikuluikulu ya makampani a ndege, ndiye tiisiye pambali. Voyager ya South African Airways nayo tingoitchula: kampaniyi italowa m'mavuto a zachuma mu Disembala 2019, ndege zake zidaima nthawi yaitali mpaka Seputembala 2021, ndipo amene ankasunga mamailosi ngati ndalama ya kubanki adaona okha.

Tiyambe ndi chinthu chomwe chimapweteketsa anthu ambiri, chilembo chimodzi chokha. Pa tikiti yanu, pafupi ndi nambala ya ndege, pali chilembo cha kalasi: Y, M, Q, T, ndi zina zotero. Anthu awiri okhala mipando yogundana mu economy, kudya nkhuku ndi mpunga zofanana, akhoza kukhala ndi zilembo zosiyana, wina n'kulandira mamailosi onse a mtunda womwe wayenda, mnzake theka, kapena osalandira kalikonse. Matikiti otchipa kwambiri, a pulomoshoni ndi a magulu, ndiwo amagwa m'zilembo zowuma. Mawebusayiti ofananitsa mitengo kawirikawiri saonetsa chilembochi musanalipire, ndipo ajenti sanena ngati simunafunse. Funso lake ndi lachidule: "Achimwene, tikitiyi ili mu chilembo chanji?" Akakuuzani, tsegulani tebulo la pulogalamu yanu muone kuti chilembocho chimapereka maperesenti angati. Nthawi zina kusiyana kwa mtengo pakati pa zilembo ziwiri kumakhala kochepa moti kukwera sitepe imodzi kuli ndi phindu. Nthawi zambiri sikutero, ndipo tikiti yotchipa ndiyo yanzeru ngakhale ilibe mamailosi.

Apa ndi pomwe ShebaMiles ndi Flying Blue zimasiyanirana. Ku ShebaMiles mulingo wanu wa umembala (Silver, Gold kapena Platinum) umawerengedwa ndi mtunda komanso chilembo. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Addis Ababa ndi mamailosi pafupifupi 1,600, ndipo kuchoka ku Addis kufika ku London ndi pafupifupi 3,650. Kupita ndi kubwera ndi 10,500, ngati chilembo chanu chikupereka zonse. Malire omwe akhalapo kwa zaka zambiri ndi 25,000 pa Silver, 50,000 pa Gold ndi 100,000 pa Platinum m'chaka chimodzi. Ndiye Silver ndi maulendo atatu a ku London, Gold ndi asanu. Chilembo chikakhala cha theka, maulendo asanu omwewo amangokufikitsani pa Silver. Wochita bizinesi yokatenga katundu ku Guangzhou kudzera ku Addis amafika msanga, popeza mtunda wake ndi wautali ndipo amabwereza pafupipafupi.

Flying Blue imawerenga mosiyana. Mulingo umachokera ku mapointi otchedwa XP, omwe amatengera mtunda ndi gawo la ndege lomwe mwakhala, osati mtengo womwe mwalipira. Mu economy, ulendo wopita dziko lina wochepera mamailosi 2,000 umapereka XP 5, ndipo wa pakati pa 3,500 ndi 5,000 umapereka 10. Lilongwe–Nairobi ndi 5, Nairobi–London ndi 10, kupita ndi kubwera XP 30. Silver imafuna 100, Gold 180, Platinum 300. Koma pali msampha: mukafika pa Silver, XP 100 zija amazichotsa, n'kuyambanso kuwerenga 180 za Gold. Ndiye kuchoka pansi kufika pa Gold ndi 280. Mu business ulendo womwewu umapereka 90, kutanthauza kuti maulendo atatu amakusiyani pa 270, mwaperewera 10 zokha. Kaulendo kamodzi ka ku Nairobi mu economy, kupita ndi kubwera, kamatseka dzenjelo. Amene bungwe lawo limawalipirira business azidziwa masamu amenewa. Mamailosi ogulira tikiti okha, pa ndege za Kenya Airways, amatengerabe chilembo. Pa Air France ndi KLM amatengera ndalama, anayi pa yuro iliyonse kwa woyamba kumene.

British Airways idasintha zonse mu Epulo 2025. Tsopano ndi pointi imodzi ya mulingo pa paundi iliyonse ya mtengo wa tikiti, osawerengera misonkho ya boma: Bronze 3,500, Silver 7,500, Gold 20,000. Nesi wa ku Manchester wopita kumudzi kamodzi pachaka asadzivutitse.

Nanga mulingowo umakupatsani chiyani? Silver ya Star Alliance ndi yopanda mnofu: amangokuikani patsogolo pa mndandanda wa odikira mpando. Chomwe chimaikometsa Silver ya ShebaMiles ndi za Ethiopian mwini wake, makamaka lounge, chipinda chapadera chodikirira ndege, ya pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, komwe wodikira ndege ya usiku amapeza mpando, chakudya ndi potchajira foni. Gold ndiye ili ndi kanthu: lounge pa mabwalo a Star Alliance pamodzi ndi mlendo mmodzi, mzere wapadera polembetsa, ndi chikwama chimodzi chowonjezera. Kwa ife chikwamacho chimaposa zonse. Amene adaimapo pa sikelo ndi masutikesi awiri a makilogalamu 23, akutulutsa nsapato za ana ndi mabotolo a mafuta odzola kuti singano itsike, amadziwa mtengo wa chikwama chachitatu. Gold ya Flying Blue imapereka zofanana ku SkyTeam. Pa mfundo iyi palibe wopambana.

Chenjezo limodzi pa Malawi Airlines. Ngakhale ndi yapachibale ndi Ethiopian, siili mu Star Alliance. Ndipo ku Star Alliance chomwe chimawerengedwa ndi kampani yomwe ikuyendetsa ndegeyo, osati yomwe yalembedwa pa tikiti. Ndiye ngati muli ndi khadi la Lufthansa kapena la United, tikiti yokhala ndi nambala ya Ethiopian (ET) koma ndege yake ndi ya Malawi Airlines kawirikawiri siikupatsani kanthu, ndipo Gold yanu siikutsegulirani khomo. Werengani timawu tating'ono tonena yemwe akuyendetsa ndegeyo.

Tsopano nkhani ya "tikiti yaulere", yomwe ndi yosautsa kuposa zonse. Mamailosi amalipira mtengo woyambira wa tikiti basi. Misonkho ya boma, ndalama za bwalo la ndege, ndi chowonjezera cha kampani chomwe pa risiti chimalembedwa YQ kapena YR, zonsezi mumalipira ndi ndalama. Chowonjezerachi chidayamba ngati cha mafuta, koma mafuta akatsika mtengo icho sichitsika nawo, ndipo pa matikiti otchipa a economy chimatha kukhala gawo lalikulu la mtengo wonse. Zotsatira zake, munthu amakhuthula nkhokwe yomwe waunjika zaka zitatu, n'kupeza kuti wapulumutsa ndalama zochepa kwambiri. Wonyamukira ku Britain ali ndi mtolo wina, msonkho wa Air Passenger Duty: mu Epulo 2025 udafika mapaundi 90 mu economy pa maulendo a mtunda ngati wa ku Malawi, ndi 216 mu business, ndipo umakwerakwerabe. Mamailosi sauchotsa msonkhowu.

Musanadine batani, chitani masamu awa. Tengani mtengo wa tikiti yomweyo pogula ndi ndalama, chotsani ndalama zomwe akukuuzani kuti mulipire pamwamba pa mamailosi, yotsalayo muigawe ndi chiwerengero cha mamailosi. Tiyerekeze tikiti ndi ya mapaundi 800, ndipo ya mamailosi ikufuna 60,000 kuphatikizapo mapaundi 450. Mwapulumutsa 350 basi, mailosi iliyonse yagula pang'ono kuposa theka la peni. Pamenepo sungani mamailosi anu. Amakhala ndi mphamvu pa matikiti omwe ndi odula mopanda chifundo: ulendo wadzidzidzi wa kumaliro, ulendo wopita kokha, timaulendo tating'ono ta m'chigawo chino cha Africa tomwe mtengo wake sugwirizana ndi mtunda, kapena kukweza mpando kuchoka ku economy kupita ku business. Kwa wolipira kuchokera ku Malawi, ndalama zapamwambazi zimatsatira dola, ndipo chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 si zachibwana. Komanso mipando ya mamailosi ndi yowerengeka pa ndege iliyonse. Ya pakati pa Disembala imatha miyezi yambiri isanafike nthawi.

Avios ili ndi ubwino umodzi woti simungaukane: mutha kuisamutsa pakati pa akaunti ya British Airways ndi ya Qatar Airways, imodzi kwa imodzi, kenako n'kugula komwe chowonjezera chili chochepa. Vuto lake ndi mapu. British Airways idasiya kupita ku Lusaka mu 2013, ndipo ku Lilongwe sifika. Imakusiyani ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Qatar imafika ku Lusaka ndi ku Harare kuyambira 2021, zomwe n'zabwino kwa a ku Chipata kapena a ku Mchinji omwe saopa basi. Ena onse amayenera kugula tikiti yachiwiri, mwina ya Airlink, yomwe Qatar idagulamo magawo 25 pa 100 mu 2024, kapena ya Malawi Airlines. Matikiti awiri osiyana ndi mapangano awiri osiyana. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri ilibe nanu mlandu, ndipo malamulo a katundu amakhala a tikiti yachiwiriyo, osati a yoyamba.

Makadi a ngongole ndiwo chikomekome cha mkuyu. Makadi a ATM omwe ambiri tili nawo ku Malawi sapereka mamailosi, ndiye nkhaniyi ndi ya abale akunja. Ku Britain, khadi laulere la British Airways American Express limapereka Avios imodzi pa paundi, ndipo la Premium Plus limapereka imodzi ndi theka koma mumalipira mapaundi 300 pachaka. Mukagwiritsa ntchito mapaundi 15,000 m'chaka amakupatsani vocha yoyendera anthu awiri pa Avios za munthu mmodzi. Misonkho ndi zowonjezera zija mumalipirabe za anthu awiri, ndipo vochayo sigwira pa Qatar. Pa mapaundi 15,000 amenewo khadi lolipiralo limakupatsani Avios 22,500. Mukaziwerengera peni imodzi iliyonse, monga ambiri amachitira, ndi mapaundi 225, osakwana n'komwe 300 ija. Phindu lonse lili pa vocha, ndipo vocha imathera ku Johannesburg.

Bonasi yolandirira nayo ili ndi zingwe. Imafuna kuti mugwiritse ntchito ndalama zakutizakuti m'miyezi itatu yoyamba, ndipo apa ndi pomwe anthu amagula zinthu zosafunika pothamangitsa chiwerengero. Kutumiza ndalama kumudzi ndi khadi la ngongole sikuthandiza: mabanki ambiri amakuwerengera ngati kutapa ndalama pa makina, opanda mapointi, chindapusa pompo, chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwelo. Mukaligwiritsa ntchito kunja kwa Britain amadula 2.99 peresenti, ndipo ku Malawi malo olandira American Express ndi owerengeka. Chiwongoladzanja chili cha m'ma 30 peresenti pachaka, ndiye ngongole ya mapaundi 1,000 yogona chaka imadya pafupifupi 300, pomwe Avios zomwe idabweretsa ndi za mapaundi 10 kapena 15. Khadi lotere ndi la munthu wobweza ngongole yonse mwezi uliwonse, osaphonya.

Za kutha ntchito kwa mamailosi n'zachidule: Avios zimafa pakatha miyezi 36 akaunti itangokhala, za Flying Blue pakatha miyezi 24. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo, makamaka kwa amayi omwe adasintha dzina atakwatiwa, ndipo musataye boarding pass mpaka mamailosi aoneke, chifukwa podandaula amafuna iyo ndi nambala ya tikiti ya manambala 13.

Chigamulo changa chimapendekera ku ShebaMiles, osati chifukwa ndi yowolowa manja, koma chifukwa ndege zake ndizo zimatera pakhomo, ndipo mamailosi omwewo amagwira pa Lufthansa, Turkish, United ndi ena onse a Star Alliance. Woyenda pa Kenya Airways kanayi kapena kuposa pachaka, makamaka pa matikiti otchipa kapena mu business ya kuntchito, alembetse ku Flying Blue chifukwa cha XP. Avios ndi ya wokhala ku Britain yemwe ali ndi abale kapena zochita ku Johannesburg, kapena wotsikira ku Lusaka. Woyenda kamodzi pachaka atsegule akaunti yaulere ya kampani yomwe amakwera kawirikawiri, apereke nambala nthawi zonse, koma tikiti azisankha potengera mtengo, maola odikira ku Addis kapena ku Nairobi, ndi makilogalamu omwe akuloledwa kunyamula.