Batire kapena haidirojeni: dzuwa la kuno tilisunge pati?

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje dzuwa silisowa. Chimene chimavuta ndi posunga mphamvu yake kukada. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima uja sitinauiwale.

Batire ndi yapafupi. Imabweza mbali yaikulu ya magetsi amene yalandira, ndipo amisiri athu amaidziwa kale. Koma kutentha kwa m'chigwa muno kumaikalambitsa msanga.

Haidirojeni ndi mpweya woyaka umene ungasunge mphamvu. Haidirojeni wosaipitsa chilengedwe amapangidwa podutsitsa magetsi a sola m'madzi oyeretsedwa, madziwo n'kugawikana kukhala haidirojeni ndi okisijeni. Kilogalamu imodzi imafuna madzi osachepera malita 9. Pogwira ntchito satulutsa utsi koma nthunzi, ndipo m'thanki amasungika miyezi. Tsono mukamamusandutsanso magetsi, mphamvu yoposa theka imatayika panjira, ndipo makina ake ndi okwera mtengo.

Pa pampu yothiririra kudimba ndi firiji ya katemera kuchipatala, ine ndingasankhe batire. Kumene haidirojeni amandipatsa chiyembekezo ndi ku feteleza: akaphatikizidwa ndi naitirojeni wa mumpweya amapanga amoniya, tsinde la urea amene timagula kunja ndi ndalama zosowa zija.